Maenje a ndowe amene ng'ombe za mkaka zimasiya

Kale ku Mitundu ndi ku Nathenje ndowe sizinkasowetsa munthu tulo. Ng'ombe zachikuda zinkaswera kudambo, madzulo n'kubwerera m'khola la mitengo. Ndowe zinkauma momwemo zikupondedwa ndi ziboda, ndipo m'chilimwe mwini khola ankangokumba ndi khasu, kukweza m'ngolo, ulendo wa ku munda wa fodya.

Ulimi wa mkaka ndiwo unasintha zinthu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koleji ya zaulimi ya Bunda inatsegulidwa kufupi ndi Mitundu. Mu 1973 fakitale ya mkaka inayamba ntchito ku Lilongwe, ndipo kuyambira mu 1979 dziko la Canada linathandiza kubweretsa ng'ombe za mtundu wa Holstein ku mafamu a Katete ndi Ndata.

Ng'ombe zoterezi kawirikawiri sizipita kubusa. Zimadya nsenjere ndi gaga zili m'khola la simenti, ndipo imodzi imatulutsa ndowe ndi mkodzo zoposa makilogalamu 30 patsiku. Pokamira amatsukapo m'mawa ndi madzulo. Zonsezo zimasanduka phala loyenderera m'ngalande, n'chifukwa chake kuseri kwa khola kumakumbidwa dzenje.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linagulitsa kampani ya Malawi Dairy Industries. Mabungwe monga Land O'Lakes anagawa ng'ombe kwa alimi ang'onoang'ono a m'magulu osonkhanitsa mkaka, ndipo maenje aja anafika pakhomo. Koma ng'ombe imatha kufa ndi matenda a nkhupakupa, kapena kugulitsidwa pa vuto la fizi. Khola limagwa, dzenje limatsala.

Apa m'pamene pali ngozi. Pamwamba pamachita chikhokho, udzu n'kumerapo, mwana kapena mbuzi n'kuyesa nthaka yolimba, pomwe pansi pali matope akuda. Matopewo akavundulidwa amatulutsa mpweya wonunkha ngati mazira owola, umene ungakomole munthu woweramira m'dzenje lakuya. Mvula ikagwa, zonyansa zimalowerera pansi mpaka m'zitsime za m'madimba.

Kukwirira msangamsanga si kutseka dzenje. Ntchitoyi imafuna miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala. Ngalande imatsekedwa kaye, dzenje n'kulitchingira ndi mpanda. Madzi apamwamba amathiridwa pang'onopang'ono m'munda wa nsenjere, kutali ndi mjigo ndi mtsinje. Matope amafukulidwa onse kufikira dothi lenileni, n'kuunjikidwa pamthunzi kuti awole. Kenaka dothi limabwezeredwa m'magawomagawo, akulitsendera, mpaka pachite kachulu koti madzi asadikhepo.

Matopewo satayidwa. Feteleza atakwera mtengo kuyambira mu 2021, alimi ambiri anatembenukira ku manyowa a Mbeya: ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, zomangidwa m'thumba lapulasitiki kwa masiku 21. Ndowe zimene zinkasiyidwa kuseri kwa khola lakugwa, lero anthu akuzifunafuna ndi ndalama m'manja.