Chitsa chomwe chinasamukira mumtima

Agogo akanena kuti "ndakhumudwa," nthawi zina ankadandaula chala chakuphazi. Kukhumudwa poyambirira n'kupunthwa pachitsa kapena pamwala uli paulendo. Kenako mawuwa anachoka kuphazi n'kukakhala mumtima, moti lero wolephera mayeso a MSCE wakhumudwa, wokanidwa ndi chibwenzi wakhumudwanso.

Komatu fungo la chitsa silinachoke m'mawuwa. Wopunthwa amadzuka, n'kusasa fumbi, ulendo n'kupitirira. Ndiye mwana akati wakhumudwa, timangodikira kuti adzuka yekha. Tsoka ilo, ndi mawu omwewa amene timatchulira matenda a maganizo ogwira munthu masabata awiri kapena kuposerapo, tulo osabwera, nsima osalowa, ngakhale mpira umene ankaukonda osamukomanso.

Nanga "kusinthasintha" kwa mtima? Chichewa chikabwereza tsinde, monga kuyendayenda kapena kufunsafunsa, chimasonyeza chinthu chosakhazikika. Kusintha n'kwa aliyense wotha msinkhu, pakuti mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imagwira munthu kuti asachite zinthu mopupuluma, imamaliza kukhwima cha m'zaka za m'ma 20. Koma mtsikana woseka chikhakhali m'mawa, madzulo wadzitsekera kuchipinda, mawa lake wapsa mtima popanda wom'puta, sabata ndi sabata, sitingamuthere m'mawu akuti "n'chinyamata" kapena "wayamba mwano." Mtima ukatsika mwadzidzidzi, mabuleki a ubongowo asanakhwime, ganizo la ola limodzi limatha kusanduka chochita.

Chimene chimandiopsa kwambiri n'kachidutswa kakang'ono, "dzi". Kamabweza chochita kwa mwini wake: kusamala, kudzisamala, kupha, kudzipha. Bungwe la WHO likuti mu 2021 anthu pafupifupi 727,000 anadzipha padziko lonse, ndipo mwa zimene zinapha anthu a zaka 15 mpaka 29, kudzipha kunali pa nambala 3. Kawirikawiri "dzi" ameneyu safika yekha. Amatsogoza abale ake: kudzikayikira, kudziimba mlandu, kudzida, kudzipatula, kudzivulaza. Amamveka m'kamwa mwa mwanayo tikadali naye pamkeka: "Ine ndimangodziona ngati mtolo kwa inu."

Ogwira ntchito za thanzi la maganizo, ngati a ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu, amaphunzitsidwa kufunsa mosazungulira, chifukwa funso silidzala ganizolo mwa munthu. Mayi kapena malume angathenso kutero, asanapite ndi mwanayo kuchipatala: "Mwanawe, khala apa. Kodi unaganizapo zodzipha?"