Madzi a Mvula a M'tauni ya Mangochi: Kumene Amapita ndi Zimene Amanyamula

Tauni ya Mangochi inamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pamene madzi angotuluka kumene m'nyanja ya Malawi akupita kukalowa m'nyanja ya Malombe. Choncho mvula yogwa pamalata a nyumba zathu, pamsika kapena pamsewu wopita ku mlatho wa Bakili Muluzi, ikapanda kulowa m'nthaka, imakathera mu Shire. Ku Monkey Bay, Makawa ndi Malindi imatsikira m'nyanja momwe. Amenewa ndi madzi omwe timasamba, kuchapira, kutsukira usipa ndi kupangira wudhu.

Mvula ikagwa m'tchire, masamba ndi udzu zimaichedwetsa, nthaka n'kumwa pang'onopang'ono. M'tauni madzi amapeza malata, simenti, phula ndi mabwalo ouma gwa, ndiye amangothamanga. Kuchuluka kwake ambirife sitikuganizira. Denga la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, likalandira mvula ya mamilimita 20, limagwetsa malita 2,000, zomwe ndi zidebe 100 za malita 20. Imeneyo ndi nyumba imodzi, madzulo amodzi.

Pothamangapo madziwo amakokolola dothi, majumbo, oilo wa m'magalaji ndi ndowe za ziweto. Choopsa kwambiri ndi zimbudzi. M'mphepete mwa nyanja dothi ndi lamchenga ndipo madzi apansi ali pafupi, kotero dzinja likalimba zimbudzi zimasefukira kapena kugumuka, nyansi n'kulowa m'zitsime ndi padoko. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022, pambuyo pa anamondwe Ana ndi Gombe, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Ambiri mwa ife tinaswalira majanaza a abale athu nyengo imeneyo.

Matope nawo ali ndi mlandu wake. Chambo chimakonza zisa zake pamchenga wa pansi pa madzi, ndipo matope akakwirira malowo kuswana kumavuta. Nyanja ya Malombe ndi yosaya, chambo chake chinachepa kale chifukwa cha kugwira mopyola muyeso, ndiye dothi lililonse lowonjezera likungokulitsa bala. Nyansi ndi feteleza wokokoloka zimadyetsanso namasupuni, amene amatseka madoko ndi kusokoneza makina amagetsi kumunsi kwa Shire, monga ku Nkula.

Nkhaniyi ikukhudzanso twahara. M'maphunziro a fiqh a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsata, madzi ochepera ma qullah awiri, pafupifupi malita 200, amadetsedwa najisi ikangogweramo. Madzi ambiri amadetsedwa pamene najisi yasintha mtundu, fungo kapena kukoma kwake. Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa kukodza m'madzi odikha, ndiponso kudzithandiza panjira ndi pamthunzi pamene anthu amapumira. Munthu amene amataya matewera a mwana m'ngalande, akudziwa kuti mvula iwapititsa padoko pamene anzake amatunga, aganizire bwino ngati ali kutali ndi chiletso chimenechi. Komabe tisasokoneze: madzi akhoza kukhala ololedwa pa wudhu, ooneka oyera mbee, koma ali ndi tizilombo ta kolera.

Njira yomwe tinazolowera ndi ngalande za simenti. Zimafunika m'misewu ikuluikulu, koma ntchito yake ndi kuchotsa madzi msanga. Siziwayeretsa, zimangofikitsa zonyansa kumtsinje mofulumira. N'chifukwa chake akatswiri masiku ano amalimbikitsa kugwiritsanso ntchito zomera ndi nthaka, kuti madzi achedwe, amwazike, alowe pansi. Madzi akachepa liwiro, matope amadikha, ndipo mizu ndi dothi zimasefa zina mwa zonyansa.

Sefa wamkulu amene Allah anatipatsa kale ndi madambo ndi bango la m'mphepete mwa Shire ndi nyanja. Tikatchetcha bango lonse kuti timange kapena kulima mpaka m'madzi, ndiye kuti tachotsa sefayo. Madzi a nyanja atakwera m'chaka cha 2024, nyumba ndi malo ogona alendo omangidwa m'gombe zinamira, ndipo zimbudzi zake sizinatsale pouma.

Pakhomo, mizere ya vetiva kapena nsenjere yobzalidwa mopingasa malo otsetsereka imagwira dothi. Maswale, kutanthauza ngalande zosazama zaudzu zokumbidwa mopingasa, amasunga madzi mpaka atalowa pansi. Kapinga pabwalo amathandizanso. Tikudziwa kuti amayi athu amanyadira bwalo losesedwa lopanda kaudzu n'kamodzi komwe, ndipo mantha a njoka ndi omveka, koma kapinga wometedwa bwino sabisa njoka, pamene bwalo lopalidwa limataya dothi mpaka maziko a nyumba kuonekera.

Mizikiti ndi madrasa zili ndi madenga aakulu, choncho ndi malo abwino oyambira. Magata ndi thanki yotseka zimakolola madzi a wudhu, ndipo madzi otuluka pamalo a wudhu angalunjikitsidwe m'dzenje lamiyala lozunguliridwa ndi nthochi m'malo moyenderera pamsewu. Kubzala mitengo pamenepo ndi sadaka, monga anaphunzitsira Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam).

Pali zofunika kusamala. Dzenje kapena swale zimwe madzi pasanathe masiku awiri kapena atatu, apo ayi zisanduka zoswera udzudzu. Zisakumbidwe pafupi ndi chimbudzi kapena khoma la nyumba, ndipo chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Mvula yoyamba yotsuka fumbi ndi zitosi za mbalame padenga isalowe m'thanki. Madzi akumwa, kaya achokera m'thanki, m'chitsime kapena m'nyanja, aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini.