Dziko Lopanda Anthu

M'chaka cha 1932, pa siteshoni ya sitima ya Johannesburg anapachikapo zithunzi 32 zojambulidwa ndi J.H. Pierneef. Nditaziona m'buku ndinachita nazo chidwi: mapiri osalala, mitengo yoima njo, mitambo younjikana ngati nsanja. Mgodi womwe anaujambula. Koma anthu ali kuti? Dziko lili zii, ngati likudikira mwini wake wodzafika pa ngolo. Apo n'kuti lamulo la malo la 1913 litapanikiza kale anthu akuda m'kadera kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a dzikolo.

Mu 1994 William Kentridge anatulutsa kanema wotchedwa Felix in Exile. Iyeyu amajambula ndi makala, n'kufufuta, n'kujambulanso papepala lomwelo, kotero kuti zipsera zimatsalira. M'menemo muli thengo louma lozungulira Johannesburg, milu ya dothi la m'migodi, ndi mitembo imene mapepala akuivundikira mpaka kusanduka nthaka.

Ndivomere, utoto wa Pierneef ngwokoma m'maso. Komabe ine ndimakhulupirira makalawo. Pa milu ija pali dothi limene anafukula agogo anga, atapita ku Joni pa Wenela.