Mauritius: Dzina la Kalonga Amene Sanapondeko Phazi

Pali nkhani imene imabwera kawirikawiri anthu akamacheza za Mauritius, chilumba chija cha kum'mawa kwa Madagascar chimene tili nacho limodzi mu SADC ndi COMESA. Amati dzinali linachokera kwa Maurice Woyera, msilikali wa ku Iguputo amene anafera chikhulupiriro. Ine ndinaimva kwa agogo ena, mkatekisiti wopuma, amene ankaikamba ngati analipo tsikulo. Iwo ankati amalinyero anafika pachilumbapo mu September, ndipo poti tsiku la woyerayu limakhala pa 22 September, anangoyang'ana kalendala ya Mpingo n'kutolapo dzina. Ukayesa kuwatsutsa, ankatsitsa magalasi n'kukufunsa kuti, "Nanga iwe mwana, Natal anamutcha bwanji?"

Funso lawolo si lachibwana. Vasco da Gama anatchadi gombe lija Natal chifukwa analidutsa nthawi ya Khirisimasi mu 1497, ndipo Apwitikizi anamwaza maina a oyera paliponse pamene anakocheza: São Tomé, Saint Helena ndi kwina. Mwezinso agogowo sanauphonye, unalidi September. Nkhaniyi imatsekemeranso chifukwa Maurice Woyera anali wa kuno ku Africa. Mbiri ya Mpingo imati ankatsogolera gulu la asilikali a Roma ochokera ku Thebes, ndipo anaphedwera pamalo amene lero ndi Saint-Maurice ku Switzerland. M'tchalitchi chachikulu cha ku Magdeburg ku Germany muli chiboliboli chake chakale chomuonetsa ali munthu wakuda. Ndani sangakonde kuti chilumba cha ku Africa chikhale ndi dzina la munthu wotere?

Koma amene anatcha dzinali sanali Apwitikizi. Anali Adatchi, ochokera kudziko limene linali litatsata chiphunzitso cha Calvin ndipo linali pankhondo ndi mfumu ya Chikatolika ya ku Spain kuyambira 1568. Mu 1566 anthu a kumeneko analowa m'matchalitchi n'kuphwanya ziboliboli za oyera. Ana a anthu oterowo sakanawoloka nyanja kuti akafunefune dzina la woyera pakalendala.

Zimene zinachitika n'zachidule. Pa 1 May 1598 zombo 8 zinanyamuka ku Texel ulendo wokagula zokometsera zakudya kuzilumba za ku Indonesia, mtsogoleri wake ali Jacob van Neck. Zitazungulira Cape, namondwe anazibalalitsa. Zombo 5 zimene zinali m'manja mwa Wybrand van Warwijck zinakaima pagombe limene lero ndi Grand Port, ndipo iwo anatcha chilumbacho dzina la mkulu wa asilikali wa dziko lawo, Maurits van Nassau. M'Chilatini Maurits ndi Mauritius. Basi.

Ena ophunzirako amabwera ndi ina, yoti dzinali ndi la chombo, poti chombo cha Van Neck chinkatchedwadi Mauritius. Komatu chombocho sichinafike n'komwe pachilumbapo ulendo umenewo. Chinali m'gulu la zombo 3 zimene zinakaima ku Madagascar, ndipo nachonso anachitcha dzinalo polemekeza munthu yemweyo. Ena amasokoneza ndi Johan Maurits wa ku Nassau-Siegen, amene analamulira dera la Adatchi ku Brazil ndipo nyumba yake ku The Hague ndiyo Mauritshuis. Ameneyu anabadwa mu 1604, chilumba chitatchedwa kale. Za Mauritania tisatayirepo nthawi: kumeneko dzina linachokera kwa anthu otchedwa Mauri.

Tsono Maurits ameneyu anali yani? Anabadwira ku Dillenburg mu 1567, mwana wa William the Silent, mtsogoleri wa Adatchi pankhondo ija ndi Spain, ndi Anna wa ku Saxony. Dzina anatengera agogo ake akuchikazi, Maurice wolamulira Saxony, amene anafa ndi chilonda cha kunkhondo mu 1553. Bambo ake atawomberedwa ku Delft mu 1584, iye anali ndi zaka 16. Chaka chotsatira zigawo za Holland ndi Zeeland zinamupatsa udindo wa stadtholder. Umenewu sunali ufumu. Anali mkulu wolembedwa ntchito ndi nyumba za malamulo za zigawozo, ndipo ndalama zolipirira asilikali ankachita kupempha kwa iwo.

Kunkhondo ndiye kunali kwake. Mu 1590 analanda mzinda wa Breda pobisa asilikali pafupifupi 70 pansi pa katundu m'bwato lonyamula peat, dothi lakuda la m'madambo limene Adatchi ankaumitsa n'kumasonkhera moto. Alonda a linga analilowetsa okha bwatolo. Kenako Zutphen, Deventer ndi Nijmegen zinagwa mu 1591, Groningen mu 1594. Mu 1597 anapambana ku Turnhout n'kusesa mizinda ingapo ya kum'mawa. Choncho pamene amalinyero aja ankanyamuka ku Texel, dzina la Maurits linali pakamwa pa aliyense, ndipo palibe chodabwitsa kuti ndilo linawabwerera ataona mtunda.

Chimene akatswiri a mbiri ya nkhondo amamukumbukira nacho kwambiri si kulimba mtima, koma perete. Iye ndi msuweni wake William Louis anawerenga mabuku a Aroma akale n'kuyamba kuphunzitsa asilikali tsiku ndi tsiku. Mfuti za nthawiyo zinali za gogodela, zochedwa kuthira onga, ndiye anakonza zoti mzere wakutsogolo ukawombera uzibwerera kumbuyo kukathira, wotsatira n'kuwombera, moto osaduka. Anawapatsanso mafosholo kuti azikumba okha ngalande pozinga mzinda, ntchito imene asilikali ankaiona ngati yonyozeka. Malipiro ankayesetsa kuti asamachedwe. Katswiri wa masamu Simon Stevin anali mphunzitsi ndi mlangizi wake. Msilikali aliyense amene watuluka thukuta pabwalo la perete ali ndi chifukwa chomudandaulira munthu ameneyu.

Pali china chimene mabuku ambiri amadumpha. Amalemba kuti chilumbachi chinatchedwa dzina la Kalonga wa ku Orange, koma mu 1598 mwini Orange sanali iye. Anali mkulu wake wa mayi wina, Philip William, amene Asipanishi anamutenga pasukulu ku Leuven mu 1568 n'kumusunga ku Spain zaka zambirimbiri. Maurits analowa ukalongawo mu 1618, mkulu wakeyo atamwalira, ndipo anaugwira zaka 7 zokha. Orange weniweniyo sanali ku Netherlands. Kanali kadziko ka mzinda umodzi ndi midzi yozungulira, kum'mwera kwa France pafupi ndi Avignon. Poti Maurits anali msilikali, chachikulu chimene anakachitira n'kukamangira linga lamphamvu paphiri, limene Louis XIV anadzaligumula, ndipo mu 1713 France inakameza kadzikoko. Dzinalo silikhudzana ndi malalanje: linachokera ku Arausio, dzina la mzindawo nthawi ya Aroma. Banja la akalonga a Orange ndilo linalemekezedwa pamene Robert Jacob Gordon anatcha mtsinje wa ku South Africa kuti Orange mu 1779.

Ukalamba wa Maurits sunakome. Johan van Oldenbarnevelt, nkhalakale pandale amene anamukweza ali mnyamata, anakakamiza pangano loimitsa nkhondo ndi Spain mu 1609, Maurits asakufuna. Mkangano wa zachipembedzo utalowapo, awiriwa anaima mbali zosiyana. Maurits anamumangitsa, ndipo pa 13 May 1619 mkuluyo anadulidwa mutu ku The Hague ali ndi zaka 71. Ine apa sindimuikira kumbuyo. Maurits mwini anamwalira pa 23 April 1625, osakwatirapo, mzinda wa Breda uli wozingidwa ndi Ambrogio Spinola, mkulu wa asilikali a Spain. Patangopita milungu yochepa unagwa.

Chilumba chija Maurits sanachione ndi maso. Ndipo maina chinali nawo kale: mapu akale amasonyeza Dina Arobi, dzina lochokera kwa Aluya, pamene Apwitikizi ankachitcha Cirne. Adatchi anadzakhazikikapo mu 1638, linga lawo n'kulitcha Frederik Hendrik, dzina la mng'ono wake wa Maurits. Anadula mitengo ya phingo, anabweretsa nzimbe, m'nthawi yawo mbalame ya dodo inatheratu, ndipo mu 1710 anachoka. Afalansa atafika mu 1715 anafufuta dzinalo n'kulemba Isle de France. Pansi pa dzina limeneli ndi pamene akapolo ambiri anatsitsidwa kumeneko kuchokera ku Madagascar ndi kumagombe a Mozambique, ena mwa iwo Amakua, Ayao ndi Amaravi ochokera kumtunda kuno.

Angerezi analanda chilumbachi mu December 1810 n'kubwezeretsa dzina lakale. Sindikhulupirira kuti anachita zimenezi pokonda Maurits. Sakanafuna kulamulira malo otchedwa chilumba cha France, ndipo dzina la Chidatchi linali pafupi, lopanda mwini woliitanitsa. Ku America sizinayende choncho: mtsinje waukulu wa ku New York nawonso Adatchi ankautcha Mauritius, koma Angerezi omwewo anakonda dzina la munthu wakwawo, Henry Hudson. Pa 12 March 1968 Mauritius inalandira ufulu pansi pa Seewoosagur Ramgoolam, mu 1992 inakhala lipabuliki, ndipo maulendo onse awiri dzina silinasinthidwe. M'Chifalansa amati Maurice, ndipo m'Chikiliyo cha eni dziko amangoti Moris.