Nthawi Younikira Zosintha mu Linux

Iyi ndi ndondomeko imene osamalira kernel (phata) ya Linux amatsatira pounika ndi kulandira zosintha zochokera kwa olemba mapulogalamu a m'mayiko osiyanasiyana. Linux ndi pulogalamu imene aliyense ali ndi ufulu woiwerenga ndi kuikonza, ndipo anaiyambitsa ndi Linus Torvalds mu 1991.

Linux yatsopano imatuluka pakadutsa masabata 9 kapena 10. Ikangotuluka, Torvalds amatsegula khomo kwa masabata 2 kuti alandire zinthu zatsopano kuchokera kwa osamalira zigawo. Ntchito imene imalowa pa nthawiyi imayenera kukhala younikidwa kale, ndiponso yoyesedwa mu linux-next, nkhokwe imene inayamba mu 2008 yosonkhanitsira zosintha zodikira kulowa. Khomo likatsekedwa pamatuluka Linux yoyesera yotchedwa rc1, kenako sabata iliyonse pamatuluka ina, kawirikawiri mpaka rc7. Pa masabata amenewa amalandira makamaka zokonza zolakwika. Wochedwa ndi chinthu chatsopano amadikira ulendo wotsatira.

Zosintha zambiri zimatumizidwa pa imelo. Malangizo a Linux amapempha wotumiza kuti adikire sabata yathunthu asanakumbutse ounika, ndipo adikire kuposa apo ngati khomo lili lotsegula, chifukwa osamalira amakhala atapanikizika.

Ndondomekoyi imateteza ounika, amene ndi ochepa poyerekeza ndi olemba. Popeza khomo limatsegukanso pakangopita miyezi yochepa, palibe chifukwa chokankhira ntchito yosapsa, ndipo ogwiritsa ntchito Linux amalandira pulogalamu yodalirika.