Zitumbuwa za pa Idi Zidachokera Kuti?

Ku Egypt mayi akamakonzekera Idi amaphika kahk, timakeke ta ufa wa tirigu, monga adamuphunzitsira mayi ake. Ku Lebanon ndi ku Syria amaphika maamoul, oikamo tende m'kati. Makeke amenewa sadakhazikike ku Magomero, pakuti tirigu ndi tende sizidali m'nkhokwe zathu.

Chimene chidatifika ndi mayina. Mandasi, zitumbuwa ndi mkate ndi mawu a Chiswahili. Mswahili amapanga vitumbua ndi ufa wa mpunga ndi nazi. Agogo athu adasinja nthochi zakupsa, kusakaniza ndi ufa wa chimanga, dzina n'kulisunga.

Mawu ambiri otere adadza ndi malonda a pakati pa Ayao ndi Aswahili a ku Kilwa, ndipo tisabise: pa njira imeneyo padadutsa minyanga ya njovu, padadutsanso anthu ali m'magoli. M'chaka cha 1861 Bishopu Charles Mackenzie adatsegula mishoni ku Magomero ndi akapolo amene David Livingstone adamasula kwa Mbame, kenako adachita nkhondo ndi Ayao. Ena amaiwerenga nkhondoyo ngati ya Akhristu ndi Asilamu. Akulakwitsa. Ayao ambiri pa nthawiyo adali asanalowe Chisilamu. Mfumu Makanjira idalowa cha m'ma 1870, ena n'kutsatira pambuyo.

Choncho Idi yeniyeniyo idafika m'midzi muno mochedwa, ndipo idapeza amayi ali ndi mtondo, nthochi ndi chimanga. Ndi zimenezo adakazinga, mbale n'kupatsira mwana akatule kwa mnansi, Msilamu kapena Mkhristu.