Anabere a m'khosi ndi zilonda zapakhosi

Anabere ndi tinthu tating'ono tooneka ngati nyemba timene tili m'malo ambiri a thupi, makamaka m'khosi, kunsi kwa chibwano, kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Munthu aliyense ali nato tambirimbiri, ndipo akakhala bwino satimva n'komwe. Ntchito yake ndi kusefa timadzi tochokera m'minofu ndi kutsekereza tizilombo toyambitsa matenda kuti maselo oteteza thupi atiphe. Nkhondo imeneyi ikakula, mwanabere amatupa ndi kupweteka. Choncho mwanabere wotupa nthawi zambiri amangolozera kumene kuli vuto: pakhosi, m'khutu, pa dzino lobooka kapena pa chilonda cha m'mutu.

Zilonda zapakhosi zambiri zimayamba ndi mavairasi, omwe aja a chimfine. Munthu amamva kukanda kapena kuwawa pomeza, amatsokomola, mamina amatuluka, mawu amasasa. Zoterezi zimatha zokha pasanathe sabata imodzi, koma anabere amachedwerapo kuphwa, mwina mpaka masabata awiri kapena atatu. Mankhwala opha mabakiteriya monga amoxicillin sachita kanthu pa mavairasi. N'zodandaulitsa kuti ambiri amagula makapusozi angapo pagolosale n'kumwa masiku awiri, zomwe zimangothandiza tizilombo kuzolowera mankhwalawo.

Pakhomo, chofunika ndi kuchepetsa ululu thupi likulimbana ndi matendawo. Theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi ofunda, kuchukucha mpaka kukhosi n'kulavula kangapo patsiku, kumafewetsa pakhosi. Ana aang'ono amene angameze madziwo asapatsidwe. Tiyi wofunda wa mandimu, jinja kapena uchi amathandizanso, koma uchi saupereka kwa khanda losakwana chaka chimodzi chifukwa ungakhale ndi tizilombo tofoola minofu. Wodwala amwe madzi ambiri, adye zofewa monga phala, nthochi ndi msuzi, apewe fodya ndi utsi wa nkhuni. Kansalu koviika m'madzi ofunda, kofinya bwino, kakaikidwa pa mwanabere kwa mphindi khumi kamachepetsa kuwawa. Kumufinya, kumutikita mwamphamvu kapena kutemerapo mphini kumangowonjezera kutupa ndi kulowetsa tizilombo tina.

Panado amatsitsa kutentha kwa thupi ndi ululu. Wamkulu amamwa mamiligalamu 500 mpaka 1,000 pakatha maola anayi kapena asanu ndi limodzi, osapitirira magalamu 4 patsiku. Wa mwana amayezedwa potengera kulemera kwake. Bufeni amagwiranso ntchito, koma si wa munthu wa zilonda zam'mimba, wa vuto la impso kapena mayi woyembekezera. Asipilini sapatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16 chifukwa angawononge chiwindi ndi ubongo. Kumene kuli malungo, kutentha thupi kulikonse kumafunanso kuyezetsa magazi, ngakhale pakhosi pakuwawa.

Pali mtundu wina wa zilonda zapakhosi umene kholo lililonse liyenera kuudziwa. Umayamba ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus wa gulu A, ndipo umakonda ana a zaka 5 mpaka 15. Umabwera mwadzidzidzi: thupi limatentha kwambiri, kumeza kumapweteka, kukhosi kumafiira ndipo nthawi zina kumaoneka mafinya oyera, anabere a kutsogolo kwa khosi amatupa n'kumawawa akakhudzidwa, koma chifuwa ndi mamina nthawi zambiri palibe. Zilondazi nazonso zimatha kupola zokha, ndipo ngozi yake yagona pomwepo. Pakapita masabata awiri kapena atatu, mwa ana ena chitetezo cha thupi chimatembenukira thupi lomwelo: mfundo za mawondo ndi akakolo zimatupa, ululu ukuchoka pa mfundo ina kupita pa ina, ndipo mavavu a mtima amatha kuwonongeka. Matendawa akamabwerezabwereza, mwanayo amakula ndi mtima wofooka, amapuma movutikira, mwinanso kufuna opaleshoni imene mabanja ambiri sangaikwanitse. Vutoli ndi lofala kum'mwera kwa Sahara, ndipo mu 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la World Health Organization unagwirizana zolimbana nalo. Komatu kulipewa n'kotsika mtengo: penisilini kapena amoxicillin wa masiku 10 athunthu, kapena jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin, zoperekedwa ndi achipatala. Mwana akayamba kupeza bwino tsiku lachitatu, mankhwala asasiyidwe.

Mwanabere wopweteka ndiye amathamangitsa anthu kuchipatala, pamene wosapweteka ndi amene amafuna diso kwambiri. TB imatha kukhala m'anabere a m'khosi popanda chifuwa: amatupa pang'onopang'ono, amamatirirana, kenako amatha kuphulika n'kumatuluka mafinya osaleka. Imachira ndi mankhwala a miyezi 6, omwe m'zipatala za boma m'Malawi ndi aulere. Anabere otupa m'malo angapo kwa miyezi, pamodzi ndi zoyera za m'kamwa, ndi chifukwa chokwanira choyezetsa HIV. Mwanabere wolimba, wosasuntha, wokulirakulira angakhale khansa. Kwa ana, chotupa cha pansagwada kapena m'mimba chokula msanga chingakhale khansa imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Imapezeka kwambiri m'madera a malungo, ndipo zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zimaichiza, makamaka mwana akafika msanga. Mwanabere aliyense amene wapitirira masabata atatu osaphwa, kapena amene akubwera ndi kuonda, thukuta la usiku ndi kutentha thupi kosatha, akaonedwe kuchipatala.

Si chotupa chilichonse cha pakhosi chimene chili mwanabere. Matsagwidi amatupitsa kutsogolo ndi kunsi kwa khutu, pamene chithokomiro chimakhala pakati pa khosi ndipo chimakwera ndi kutsika munthu akamameza.

Zina sizidikira kuti kuche. Wodwala amene akubanika, akulephera kumeza ngakhale malovu, sakutha kuyasamula, khosi lauma, kapena kukhosi kwachita chinthu chotuwa chomatirira pamodzi ndi khosi lotupa kwambiri, makamaka mwana amene sanalandire katemera wake wonse, atengedwe kupita kuchipatala nthawi yomweyo.